Perete Wopanda Wosoŵa: za Gule wa Beni ndi Chisoni cha Msilikali

Tidaonera gule wa beni ku Lifuwu tsiku lina anthu atatha kukolola mpunga, mwera ukuomba kuchokera kunyanja. Anthu anali atazinga bwalo, ana atakhala pansi kutsogolo, amai ataima pambali kuti azivomera nyimbo. Ng'oma zitagunda, amuna adaloŵa m'mizere atavala kaki ndi zipewa, pachifuwa pali mendulo zopanga okha. Mtsogoleri wao anali ndi ndodo m'khwapa ndi wezulo pakamwa, ndipo akangoiliza, mzere wonse unkatembenuka ngati munthu mmodzi. Khamu linkaseka ndi kululuta, ifenso tidaseka nao. Koma pobwerera tidatsala ndi funso. Gule ameneyu adakulira m'nkhondo. Nanga bwanji mwa iye mulibe nkhondo? Pabwalo paja padalibe wogwa, padalibe wolasidwa, padalibenso wolira.

Funsoli silikhudza mbiri yakale yokha. Munthu wopita ku Lifuwu kuchokera ku Salima amatsata mseu wa ku Senga Bay, ndipo m'dera lomwelo muli sukulu ya asilikali, imene idatsekulidwa mu 1978 ndi dzina la Kamuzu Military College, ndiponso kampu ya asilikali a parachuti. Kuno msilikali ndi mnansi. Amagula nsomba pagombe, ana ake amaphunzira pamodzi ndi ana a asodzi. Tsono pofunsa zimene beni akunena za msilikali, tikufunsa za munthu amene ambiri mwa ife tidzadalitsa ukwati wake, kubatiza ana ake, kapenanso kumuika m'manda.

1. Kumene beni adachokera

Katswiri wa mbiri Terence Ranger, m'buku lake la 1975 lotchedwa Dance and Society in Eastern Africa, adalondola mapazi a guleyu mpaka ku mizinda ya Aswahili ya m'mbali mwa nyanja yamchere, monga Lamu, Mombasa ndi Pangani, m'zaka za m'ma 1890. Dzina lake lidachokera ku liu loti bandi, gulu la oimba malipenga a asilikali. Kumeneko kunali mabungwe a ovina opikisana, otchuka mwa iwo ndi Marini ndi Arinoti, lililonse ndi mfumu yake ndi maudindo ake onga a nkhondo. Nkhondo ya 1914 ndiyo idamwaza guleyu m'kati mwa Afrika, pakuti asilikali ndi amtengatenga obwerera kwao adabwera naye. Kwathu kuno adakhazikika makamaka pakati pa Ayao a m'mbali mwa nyanja. Abale ake ndi malipenga a Atonga a ku Nkhata Bay, mganda wa m'chigawo chapakati ndi kumpoto, ndi kalela wa ku migodi ya ku Zambia, amene J. Clyde Mitchell adamfotokoza mu 1956.

Azungu oyamba kuona beni adagaŵikana paŵiri. Ena adamuopa, poganiza kuti anthu akunyoza boma ndi kuphunzira kuguba kuti tsiku lina adzaliukire. Ena adampeputsa, nati ndi chibwana cha anthu otsanzira zimene sakuzimvetsa. Ranger adaonetsa kuti maganizo onse aŵiriŵa ngopereŵera: ovina adatenga zinthu zachilendo nkuziloŵetsa m'mwambo wao wakale wa mpikisano wa magule, kuti aonetse kuti nawonso ali ndi mphamvu pa zinthu zatsopano. Ife tikumvomereza. Komabe Ranger ankafunsa za mudzi ndi mzinda. Ife tifuna kufunsa za munthu mmodzi amene adapita, naona, nabwerera, nkuyamba kuvina.

2. Zimene msilikali adaona

Kwathu kuno nkhondo idayambira panyanja yathu yomweyi. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen idaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa dooko la Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli, tsidya la Tanzania. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho kudamenyedwa nkhondo ya ku Karonga. Pambuyo pake nkhondo idatsata Jenerali von Lettow-Vorbeck kudutsa Tanganyika ndi Mozambique, mpaka adatula zida ku Abercorn, imene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918. M'zaka zinaizo Nyasaland idapereka asilikali pafupifupi 19,000 ku King's African Rifles, ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake onse anali ngati 1,200,000.

Amene adasonkhanitsa mau a anthu ameneŵa ndi Melvin Page. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamodzi ndi ophunzira a ku Chancellor College, adayenda m'midzi kufunsa nkhalamba zimene zidatsala, ndipo buku lake, The Chiwaya War, lidatuluka mu 2000. Dzina loti chiwaya anthu adapatsa mfuti yolira mosalekeza, akuti chifukwa kulira kwake kunkanga chimanga chothetheka m'chiwaya. M'nkhani ina ya 1978 Page adaitcha nkhondo ya thangata, ndipo dzinali likulongosola zambiri. Amuna ankagwidwa m'midzi, mwina usiku. Kwina akazi ankasungidwa ngati chikole mpaka mwamuna atadzipereka. Wamtengatenga ankasenza katundu wa makilogalamu ngati 25, tsiku ndi tsiku, phoso lili lochepa, mvula ikumkwapula. Ambiri sadafe ndi chipolopolo. Adafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala, ndipo wodwala akalephera kuyenda ankatsala m'mbali mwa njira, ulendo nkumapitirira. Obwerera adafika pamodzi ndi chimfine cha 1918, chimene chidapululanso anthu m'midzi.

Ana ao adapitanso. M'nkhondo ya 1939 mpaka 1945 amuna a Nyasaland pafupifupi 30,000 adavala kaki. Adamenya ku Moyale ndi ku Somaliland mu 1940, ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 adaloŵa m'chigwa cha Kabaw ku Burma m'nyengo ya mvula yosakata, m'matope ndi m'malungo, kuthamangitsa Ajapani mpaka ku mtsinje wa Chindwin. Olemba mbiri ya asilikaliŵa adapeza kuti madandaulo ao ambiri anali a kumudzi: makalata ochedwa, ndalama zotumiza kwa mkazi, mbiri zoti banja lasokonekera, ndi tchuthi chimene sichinkabwera. Mu 1942, pa dooko la Massawa, anzao a KAR a ku Kenya ndi ku Uganda adakana kukwera sitima yopita ku Asia asanapatsidwe mwai wokaona kwao. Anthu amene sadathaŵe mfuti adakanika kupirira kupukwa.

Izi ndizo msilikali adaona: njala, mnzake wosiyidwa panjira, ndi mtima wokokera kwao. Pa zitatu zonsezi, palibe ndi chimodzi chomwe chimene chimaoneka poyera pabwalo la beni.

3. Chimene gule adasunga

Aristotle adaphunzitsa kuti luso limatsanzira moyo, koma silitsanzira zonse. Limasankha, ndipo mlakatuli amanena zimene zikadatheka koposa zimene zidachitika. Ngati nchoncho, tiyenera kufunsa chifukwa chake pa zonse za moyo wa usilikali obwerera adasankha perete.

Perete ndi nthaŵi yoitana maina. Sajeni amaŵerenga anthu ake, aliyense nkuyankha. Kwa munthu amene ali kunkhondo, perete wa m'maŵa ndiye amaulula amene wasoŵa usiku: dzina limaitanidwa, osamveka yankho, mzere nkufupika. Tsono taonani zimene beni amachita. Amaimika mzere wathunthu. Onse alipo, onse ngosamba, onse ngokhuta, mapazi akugunda pamodzi. Ameneyu ndi perete amene msilikali ankalakalaka ndipo sankamuona, perete wopanda wosoŵa.

Chachiŵiri, perete ameneyu amachitika kwao. Ku Kabaw kapena ku Tanganyika msilikali ankaguba pamaso pa mlendo, m'dziko la eni, wopanda womdziŵa dzina la kubadwa. Pabwalo la ku Lifuwu akuguba pamaso pa mai wake, mkazi wake ndi alongo ake, ndipo iwo ndiwo akuvomera nyimbo. Nyimbo zimene tidamva tsiku lija zinali za m'mudzi: za ukwati, za ulesi, za mnansi wamiseche. Poyamba zidatikhumudwitsa, chifukwa tinkayembekeza kumva za nkhondo. Pambuyo pake tidazindikira kuti nkhani zazing'onozi ndizo zimene munthu wa kunkhondo amazipukwa. Amene wagona m'dzenje miyezi isanu ndi umodzi salota za ufumu wa Angerezi. Amalota utsi wa pakhomo pake ndi mkangano wa nkhuku ya mnansi.

Chachitatu, m'nkhondo ziŵiri zija maudindo olamula anali a Azungu. M'beni ndodo ya mkulu wa nkhondo ili m'khwapa mwa msodzi, ndipo wezulo akuliza ndi mlimi wa mpunga. Munthu amene adatengedwa ngati katundu akubweza ulemu wake, ndipo akuubweza popanda kukhetsa mwazi wa wina aliyense.

Sitikunena kuti ovina a lero amaganiza zonsezi akamavina. Ambiri mwa iwo ndi zidzukulu zimene nkhondo sizidaione. Koma gule ali ngati mwambi: amasunga zoposa zimene wounena akudziŵa. Poyang'ana motere, beni ndi luso lozama, ndipo amene amamuyesa nthabwala chabe sadamuonetsetse. Anthu amene adalandidwa kwao, thanzi lao ndi ulemu wao adapanga bwalo limene zitatu zonsezo zimabwezedwa kwa maola aŵiri.

4. Chimene gule adasiya

Pomwe pali mphamvu ya beni ndi pomwenso pali kupereŵera kwake. Mzere wathunthu ndi chitonthozo cha wobwerera. Nanga amene sadabwerere? Nanga mkazi amene adaima pambali pa bwalo, kuyang'ana amuna a anzake akuguba?

Anthu a kunyanja amadziŵa bwino chimene tikunena. Bwato likagubuduzika ndi mwera, msodzi nkusoŵa, abale amakhala pagombe usana ndi usiku kudikira kuti nyanja ibweze mtembo. Amadziŵa kuti wafa, komabe sachoka, pakuti maliro opanda mtembo sakhala ndi poyambira. Kwa Acheŵa imfa imatsatidwa ndi manda, kumeta, ndi mwambo wotsiriza wotsanzikana ndi mzimu. Wamasiye amasudzulidwa kuti ayambenso moyo. Kwa Ayao achisilamu pali sadaka, makamaka ya tsiku la 40. Miyambo yonseyi imafuna tsiku lodziŵika ndi malo odziŵika. Nyanja kaŵirikaŵiri imabweza, nkhondo sidabweze. Wamtengatenga wotsala panjira ya ku Songea adalibe tsiku, adalibe manda, mwina adalibe ndi mboni yomwe. Mkazi wake sadadziŵe ngati ndi wamasiye kapena ndi mkazi wa mwini.

Tikumbukirenso kuti pakati pa Acheŵa ndi Ayao mwamuna mmodzi amasenza nyumba ziŵiri. Kuchikamwini ndi bambo wolima munda ndi kufolera denga. Kwao ndi mwini mbumba, nkhoswe ya alongo ake ndi malume wa ana ao. Akasoŵa iye, midzi iŵiri imatsala pamtunda. Chisoni chotere beni alibe pochiika. Ng'oma yake njofulumira, mapazi ake ngachimwemwe, ndipo womwalira saloŵa m'mzere.

Boma la atsamunda nalonso lidakumbukira mosankha. Chipilala cha KAR ku Zomba chidalemekeza asilikali, koma khamu la amtengatenga lidatsala lopanda maina. Mu Epulo 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo Aafrika, amene adafa potumikira Angerezi pa nkhondo yoyamba, sadakumbukiridwe ndi dzina, ndipo ena sadakumbukiridwe konse. Amene adaona zimenezi zisanachitike ndi John Chilembwe. M'kalata imene adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, ndipo boma lidailetsa, adadandaula kuti amphaŵi a dziko lino akuitanidwa kukafera mlandu wa eni, nkusiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda woŵasamala. Iye adayambira kuŵerenga pa otsala kumudzi, pamene boma linkaŵerenga mfuti ndi mitolo.

Motero tili ndi zikumbutso ziŵiri, gule ndi chipilala, ndipo zonse ziŵiri nza perete. Chimodzi chimaimika amoyo m'mzere, china chimaimika akufa osankhidwa m'mzere. Chimene chikusoŵa ndi maliro.

5. Zimene tiyenera kuphunzirapo

Kuseminale timaphunzira za nkhondo kudzera mwa Augustino ndi Tomasi wa ku Akwino. Tomasi adaika zinthu zitatu zoti nkhondo ikhale yolungama: ulamuliro woyenera, chifukwa cholungama ndi cholinga chabwino. Chiphunzitso chimenechi nchofunika, koma tivomere kuti mafunso ake ndi a mfumu yoganiza zoyambitsa nkhondo. Wamtengatenga wogwidwa usiku sadafunsidwe za ulamuliro kapena za cholinga. Wansembe amene adangoloŵeza zitatuzi adzasoŵa chonena msilikali akadzamuuza kuti sagona tulo chifukwa cha mnzake amene adamsiya m'thengo. Tivomerenso kuti mbiri yathu pa nkhaniyi ili ndi mbali ziŵiri. Ian Linden, m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika m'Nyasaland, adalongosola m'mene ansembe ena adatsaganira ndi magulu a amtengatenga. Adasamala odwala ndi kubatiza akufa, ndipo zimenezo nzoyamikika. Koma m'maso mwa anthu adaimanso mbali imodzi ndi amene adaŵagwira. Papa Benedikto wa 15, m'kalata yake ya pa 1 Ogasiti 1917, adaitcha nkhondoyo kuphana kopanda phindu, ndipo atsogoleri a maiko sadamumvere.

Komabe chimene beni alibe, Malembo ali nacho. Davide adalira Saulo ndi Yonatani poyera, naphunzitsa anthu nyimbo ya malirowo. Rizipa adakhala pathanthwe kuingitsa mbalame ndi zilombo pa mitembo ya ana ake mpaka mfumu idachita manyazi nkuŵaika. Mai ameneyu angamvane bwino ndi amai a pagombe la Lifuwu. Ndipo tisaiŵale kuti ndime imene Mpingo umatsamirapo pophunzitsa za kupempherera akufa, mutu 12 wa buku lachiŵiri la Amakabeo, imanena za asilikali ogwa pankhondo. Yuda Makabeo adatola mitembo yao kuti akaiike kwa makolo ao, nasonkhetsa ndalama zokaperekera nsembe ku Yerusalemu, ngakhale adaŵapeza ndi zithumwa m'zovala. Pemphero lathu la akufa lidayambira pa mtembo wa msilikali wochimwa. Nzodabwitsa kuti mwezi wa Novembala, umene ndi mwezi wa mizimu ya akufa ndiponso mwezi wokumbukira asilikali, timausunga ngati kuti ziŵirizi sizidziŵana.

Nkhaniyi sidathere mu 1945. Kuyambira 1987 asilikali a Malaŵi adalondera njanji ya ku Nacala m'kati mwa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo ena adafera komweko. Kuyambira 2013 adatumizidwa kum'maŵa kwa Congo. Mu Novembala 2018 asanu ndi mmodzi adaphedwa pafupi ndi mzinda umene, mwangozi chabe, dzina lake ndi Beni. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, adafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo bungwe la United Nations lidamlemekeza ndi mendulo mu 2019. Mu Januwale 2025 ena atatu adafa pa nkhondo ya kufupi ndi Goma. Aŵa maina ao adalembedwa, ndipo pamenepo tapita patsogolo. Koma anzao amene adabwerera amoyo adalandiridwa ndi perete, monga agogo ao, ndipo perete safunsa munthu zimene akulota usiku.

Sitikupempha kuti beni asinthe. Guleyu ngwa eni ake, ambiri mwa iwo abale athu achisilamu, ndipo ife pabwalo paja ndife alendo. Kuika maliro m'kati mwa beni kungakhale kumuwononga, pakuti ntchito yake ndi kuimika mzere wathunthu, ndipo amaigwira bwino. Ntchito yotsalayo njathu, pamodzi ndi mashehe, mafumu ndi ankhoswe, poti maliro nkulirana. Tingayambe ndi zazing'ono. Msilikali akabwera kudzacheza, tisamfunse za ungwazi. Timlole anene za njala, za mantha ndi za mnzake, ngakhale atabwereza nkhani yomweyo kasanu. Mkazi amene mwamuna wake ali kutali timuyendere mwamunayo asanafe, osadikira bokosi. Ndipo aseminale opita kukathandiza m'maparishi pa tchuthi atenge kope, afunse m'limana lililonse ngati m'banjamo mudali wina amene adapita ku chiwaya kapena ku Burma osabwerera. Nkhalamba za Page zidatha, koma zidzukulu zikadakumbukira maina ena, ngakhale dzina limodzi lokha ndi mudzi wake. Mainawo aŵerengedwe pa Misa ya pa 2 Novembala, limodzilimodzi, mofatsa, monga sajeni aitanira, ndipo abale ayankhe m'malo mwa mwini dzina.

Tsiku lija ku Lifuwu gule adatha dzuŵa litapendeka. Wezulo idalira kotsiriza, mzere udamasuka, ndipo aliyense adaloŵera kwake. Tidaona mai wina akulandira chipewa cha mwamuna wake nkumpatsa chikho cha madzi. Kamwana kadanyamula ndodo ya ulamuliro ija nkumaikoka m'fumbi. Kumusi, asodzi anali atayamba kale kukonza nyali za usiku.